Bala likapola limapita kuti? Pomwe ndamumvera Augustine pa nkhani ya choipa

Mtima wakhala pansi tsopano pa nkhani ya Augustine, bishopu wakale wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, ndi zimene anaphunzitsa za choipa. Anzanga amene mukulimbana ndi phunziro lomweli, funso la Epicurus, woganiza wakale wa ku Greece, lakuti ngati Mulungu ndi wabwino ndiponso wamphamvu zonse choipa chikuchokera kuti, munaliloweza kale, za njoka ya pa Genesis 3 ndi masautso a Yobu simufuna wokuuzani, choncho sindibwereza. Ndikambe chiganizo chimodzi chokha chimene chimalembedwa pa bolodi chaka ndi chaka, chakuti choipa ndi kusowa kwa chabwino, chija m'mabuku amati privatio boni. Ambirife timachiloweza osachimva, ndipo amene achimva molakwika amapsa nacho mtima.

Kupsa mtimako n'komveka. Womva koyamba amayesa kuti akuuzidwa kuti choipa kulibe, kuti munthu amene akuba amukokolera mbuzi zonse m'khola angokhala chete poti chamugweracho si kanthu. Augustine sananenepo zotero. Munthu amene anamwalira mu 430 mzinda wake wa Hippo utazingidwa ndi ankhondo a mtundu wa Vandal sakanatenga zoipa mopepuka. Vuto n'lakuti chiganizo cha pa bolodi chija n'chodukiza. Chathunthu n'chakuti choipa ndi kusowa kwa ubwino umene unayenera kukhalapo pa chinthucho malinga ndi mmene chinalengedwera. Pagona nkhani ndi pa "unayenera kukhalapo".

Amene anazilongosola bwino ndi Thomas Aquinas, yemwe anabadwa pafupifupi zaka 800 Augustine atamwalira. M'buku lake la Summa Theologiae, gawo loyamba, funso 48, akuti mwala suona koma palibe choipa chimene chauchitikira, chifukwa kuona si gawo la mwala. Munthu alibe mphamvu za mkango kapena liwiro la gwape, ndipo palibe angamulire maliro pa chifukwa chimenecho. Koma munthu kapena nyama ikachita khungu, pamenepo pali choipa, chifukwa diso linapangidwira kuona. Aquinas akuwonjezera kuti kusowa kulikonse kukanakhala choipa, ndiye kuti chinthu chilichonse chikanakhala choipa poti chilibe ubwino wa chinzake, ndipo ngakhale zinthu zimene kulibeko zikanakhala zoipa. Ndiye pali kusowa kwa mitundu iwiri, kusowa wamba ndi kusowa kolandidwa choyenera. Choipa ndi chachiwiricho. Basi. Mukagwira apa, zina zonse za Augustine zimayamba kulowa zokha.

Nanga Augustine ankazifunira chiyani zimenezi? Augustine anabadwa mu 354 ku Thagaste, komwe lero ndi Souk Ahras m'dziko la Algeria, ndipo kwa zaka pafupifupi 9 anali m'gulu la otsatira Mani, mneneri wa m'zaka za m'ma 200 wa mu ufumu wa Persia. Iwo ankati chiyambire pali maufumu awiri osalengedwa, wa kuwala ndi wa mdima, ndipo mdima unaukira kuwala mpaka tizigawo ta kuwala tinakodwa m'matupi. Chiphunzitsochi n'chokoma m'khutu, tisanamizane. Mulungu chimamuchotsa pa mlandu, munthunso chimamuchotsa pa mlandu, ndipo Augustine mwini wake akuvomera m'buku lake la Confessions kuti zinkamusangalatsa kuganiza kuti wochimwa si iye koma chinthu china chimene chili mwa iye. Amene anagwedeza nyumbayi ndi mnzake Nebridius, ndi funso lalifupi: Mulungu akanakana kumenyana ndi mdima, mdimawo ukanamutani? Mukati ukanamuvulaza, mwavomera kuti Mulungu n'ngowonongeka. Mukati sukanamutani, ndiye nkhondoyo inali ya chiyani? Koma kugwetsa yankho la Mani kunamubwezera Augustine pa funso lomwe lija: ngati Mulungu ndi mmodzi, ndi wabwino, ndipo analenga zonse, choipa anachilenga ndani?

Yankho lili m'buku lachisanu ndi chiwiri la Confessions, mutu 12, ndipo n'lalifupi moti mukhoza kulidutsa osaliona. Tengani chinthu chilichonse chimene chikuwonongeka. Kuwonongeka n'kuchepa kwa ubwino, apo ayi sitikanati kwavulaza kanthu. Ndiye chinthu chowonongekacho chinali ndi ubwino woti n'kuchepa. Chikanakhala chabwino kotheratu monga Mulungu sichikanawonongeka, chikanakhala chopanda ubwino ndi pang'ono pomwe pakanasowa choti chiwonongeke. Tsopano pitirizani kuchotsa ubwinowo mpaka uthe. Chatsala n'chiyani? Palibe chatsala. Chinthucho chatha. Ndiye malinga ngati chinthu chilipo, chili ndi ubwino wina, ndipo choipa chenichenicho, chosasakanizika ndi ubwino uliwonse, sichingakhalepo. Choipa chimafuna pokhala, ndipo pokhala pakepo ndi chinthu chabwino.

Mu Enchiridion, kabuku kamene Augustine analembera munthu wina dzina lake Laurentius cha m'ma 421, akupereka chitsanzo cha bala ndi matenda. Bala likapola silisamukira kwina kukadikira thupi lina. Limangotha, chifukwa silinali chinthu pachokha, linali kuperewera kwa thupi, ndipo thupilo ndilo chinthu. Ine ndimaganiza za chibowo cha pa thumba la chimanga. Chibowo chilipo ndithu, chimanga chimatayikiradi pamenepo, njala yobwera pambuyo pake ndi yeniyeni, koma simungatenge chibowo chokha n'kuchiika pa sikelo, ndipo wopanga matumba sanagule zipangizo zopangira chibowo. Funso lakuti choipa anachilenga ndani lagwa pomwepo, chifukwa cholengedwa chimayenera kukhala chinthu.

Apa ndidandaule pang'ono za chitsanzo cha mdima ndi kuwala chimene aphunzitsi amachikonda. N'chimene chimasokoneza ophunzira ambiri. Mdima wa usiku ndi kusowa kwa kuwala, inde, koma si choipa, chifukwa palibe lamulo la chilengedwe lakuti pakati pa usiku pazikhala dzuwa. Ndi kusowa wamba kuja, kwa mwala wosaona. Wophunzira akagwira chitsanzo chimenechi amalowa m'mayeso atasenza tanthauzo lodukiza lija. Kankhani kamene kamazungulira pa Facebook ndi WhatsApp, kakuti Einstein ali mwana wa sukulu anagonjetsa mphunzitsi pomuuza kuti kuzizira ndi kusowa kwa kutentha ndipo choipa ndi kusowa kwa Mulungu, n'kopeka, ndipo kamagwera m'dzenje lomweli. Musakalembe pa pepala la mayeso.

Njira imene ndikuikhulupirira ndi iyi. Tengani pepala, mulidule mizere kuti pakhale zipinda zitatu. Sankhani choipa chimodzi chenicheni, osati "zoipa za dziko" ayi. M'chipinda choyamba lembani zinthu zonse zimene zilipodi pa nkhaniyo, zoti mungaziloze. Chachiwiri lembani ubwino umene unayenera kukhalapo koma palibe, ndipo munene kuti ukusowa pa ndani. Chachitatu, ngati pali munthu wochita, lembani chabwino chimene ankachifuna pochita zimenezo. Lamulo lake n'lakuti m'chipinda choyamba musalembemo chilichonse chimene ndi kusowa chabe. Apa ndi pamene ambiri amagwa, amalembamo "umbombo" ngati kuti ndi chinthu.

Tiyese ndi kalaliki wolandira chiphuphu. Zilipo ndi munthuyo, nzeru zake zodziwa kuyendetsa mapepala, udindo wake, ndalamazo. Chilichonse mwa izi pachokha n'chabwino, ndipo kalaliki wa nzeru zochepa sangabe mwaluso, kutanthauza kuti kukula kwa choipacho kukudalira kukula kwa mphatso zimene wazipotoza. Chosowa ndi chilungamo m'chifuniro chake, komanso thandizo limene mwini fomu anayenera kulandira kwaulere. Chimene ankafuna ndi fizi ya ana, nyumba ya malata, ulemu kumudzi. Palibe choipa pa kufuna zimenezi. Mu zolemba zake zotchedwa City of God, buku 12, mutu 8, Augustine akuti umbombo si vuto la golide koma la munthu wokonda golide mokhota, kusiya chilungamo chimene chinayenera kukhala pamwamba pa golideyo. Munthu sachoka pa chabwino kupita pa chinthu choipa, amachoka pa chabwino chachikulu kugwera pa chabwino chaching'ono, ndipo kugwako ndiko kuipa. M'buku lina lotsutsa a Mani, lonena za chikhalidwe cha ubwino, akuti cholengedwa chilichonse chili ndi muyeso, maonekedwe ndi dongosolo, ndipo choipa ndi kuwonongeka kwa chimodzi mwa zitatuzi. Pa tchimo, chimene chimawonongeka kawirikawiri ndi dongosolo la chikondi, kuika chachiwiri pa malo a choyamba.

Chipinda chachitatu chimavuta nthawi zina, ndipo Augustine yemwe anachiyesa pa nkhani yovuta. M'buku lachiwiri la Confessions akufotokoza zoti ali ndi zaka 16 anaba zipatso za mumtengo wa mnansi pamodzi ndi anzake. Njala analibe, kwawo kunali zipatso zoposa zimenezo, ndipo zambiri anangoponyera nkhumba. Akufunsa mobwerezabwereza kuti nanga ankakondapo chiyani. Chimene akupeza n'chakuti ali yekha sakanachita, ndiye panali kukoma kwa ubwenzi, ndiponso panali kufuna kumva ngati mfulu wosalamulidwa ndi wina aliyense, komwe ndi kutsanzira mphamvu za Mulungu mopotoka. Ngakhale m'kuba kopanda phindu muli chabwino chimene chikusakidwa pa malo olakwika.

Ndikunena mosaopa kuti palibe funso la mayeso pa mutu uno limene zipinda zitatuzi sizingalitsegule. Ndikanakhala wokonza silabasi, sabata yoyamba yonse ikanakhala ya mapepala amenewa, nkhani khumi wophunzira aliyense, asanamve n'komwe dzina la Leibniz, woganiza wa ku Germany amene analembanso za choipa. Kuwerenga kwake kukhale motere: Enchiridion mitu 11 mpaka 14 poyamba, chifukwa ndi pomwe pali poyera, kenako Confessions buku 7 mitu 12 mpaka 16, kenako City of God buku 12 mitu 6 mpaka 9, Aquinas pomaliza, mafunso 48 ndi 49. Zonsezi n'zowerengeka madzulo awiri. Mukayamba ndi Aquinas mutopa ndi kalembedwe kake ka zotsutsa ndi mayankho musanaone chimene akumenyera.

Koma m'makalasi ambiri mutu wonsewu umapatsidwa mphindi 20, pakati pa Epicurus ndi Plantinga, woganiza wa ku America wa m'nthawi yathu ino, kumapeto kwa teremu nthawi itatha kale. Manotsi ndi omwe aja ojambulidwajambulidwa mpaka zilembo zinafufutika, mzere umodzi wa Augustine, mzere umodzi wa Irenaeus, bishopu wa m'zaka za m'ma 100, ndipo wofunsa kuti "nanga kusowako n'kusowa kwa chiyani" amauzidwa kuti akawerenge yekha, buku lake lili limodzi mu laibulale ndipo lili ndi munthu. Chimandipweteka n'chakuti mabukuwa ndi akale, ali pa intaneti aulere, masamba ofunika ndi ochepa, koma palibe amakuuzani kuti ndi ati. Ophunzira amamaliza chaka akuganiza kuti Augustine anali munthu wozemba funso.

Zimene zimadyetsa malikisi ndi kusakaniza mafunso atatu osiyana. Choipa n'chiyani, limenelo ndi loyamba, ndipo kusowa kwa ubwino woyenera kukuyankha lokhalo. Chinachokera kuti ndi lachiwiri, yankho lake ndi ufulu wosankha, nkhani ya m'buku limene Augustine analiyamba ku Roma mu 388, lolembedwa ngati kukambirana ndi mnzake Evodius. Mulungu amachiloleranji ndi lachitatu, ndipo pamenepo Augustine amati Mulungu sakanalola choipa akanapanda kukhala ndi mphamvu ndi ubwino wotulutsa chabwino mwa icho. J. L. Mackie mu 1955 ankatsutsa kuti Mulungu wamphamvu zonse akanalenga anthu a ufulu amene nthawi zonse amasankha chabwino, Alvin Plantinga mu 1974 ankayankha zimenezo, John Hick mu 1966 ankati dziko ndi malo okulitsira moyo wa munthu potengera Irenaeus. Onsewa ali pa funso lachiwiri ndi lachitatu. Mukayankha Mackie ndi mwala wosaona, wochonga amangodula mzere wofiira, ndipo akulondola.

Kusakaniza kwina ndi kwa Augustine ndi Plotinus, woganiza wakale wotsatira Plato. N'zoona kuti Augustine anathandizidwa ndi mabuku a otsatira Plato amene anawerenga ku Milan asanabatizidwe ndi bishopu Ambrose mu 387. Koma Plotinus amakankhira choipa ku zinthu za thupi, pamene Augustine sangatero, chifukwa Genesis 1:31 akuti zonse zimene Mulungu anapanga zinali zabwino ndithu, thupi lomwe. Kwa iye gwero la tchimo ndi chifuniro. Ngakhale Satana, monga cholengedwa, ali ndi ubwino wa kukhalapo ndi wa nzeru, choipa mwa iye ndi kukhota kwa chifuniro chake. Ndikamva maulaliki ena a masiku ano, omwe Satana amakhala ngati mfumu ya dziko lake yolimbana ndi Mulungu mofanana mphamvu ndipo tchimo lililonse ndi chiwanda cholowa kuchokera kunja, ndimaona kuti Mani sanafe. Marko 7:21 amati zoipa zimatuluka m'kati, mumtima mwa munthu.

Makolo athu pa mfundo iyi ali pafupi ndi Augustine kuposa maulaliki amenewo. Mu nthano ya ku Kaphirintiwa mulibe mulungu wachiwiri. Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere mpaka munthu anapekesa moto ndi timitengo tiwiri, tchire linapsa, nyama zinathawa n'kusanduka adani a munthu, Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude, imfa inalowa. Moto si woipa, ndi womwe timaphikira. Chimene chinatayika ndi mgwirizano umene unalipo. Pa mdulo n'chimodzimodzi, chimene chalakwika ndi dongosolo la kudika limene lathyoledwa. Pomwe ndikuona kusiyana ndi pa ufiti, womwe anthu amaukamba ngati mphamvu yoti munthu amapatsidwa ndi kuphunzitsidwa, chinthu chokhala nacho osati chosowa. Komabe mukafunsa chifukwa chake, yankho limabwerera ku nsanje ndi kaduka, ndipo nsanje imalowa bwinobwino m'zipinda zija.

Tsopano ku funso lachiwiri, komwe chisangalalo changa chimayamba kuchepa. Ngati zonse zimene zilipo n'zochokera kwa Mulungu, ndipo wakuba amaba ndi manja ndi nzeru zopatsidwa ndi Mulungu, Mulungu sali nawo m'kubamo? Aquinas amayankha ndi munthu wotsimphina. Kuyenda konse kumene kuli m'kutsimphinako kukuchokera ku mphamvu yoyendetsa thupi, koma kupendekekako kukuchokera ku mwendo wokhota. Amaperekanso chitsanzo cha kalipentala. Kusagwira rula nthawi zonse si mlandu, palibe amayenda ndi rula m'manja tsiku lonse. Mlandu umayamba akadula thabwa osaika rula. Chimodzimodzi chifuniro, kusaganizira lamulo la Mulungu pa mphindi ina si tchimo, koma kusankha uku usakuliganizira ndiye tchimo. Izi n'zomveka ndipo ndazilandira.

Koma n'chifukwa chiyani kalipentala woyamba, wopangidwa bwino, wosatopa, wopanda chizolowezi choipa, anadula osayeza? Mu City of God buku 12 mutu 6 Augustine akuti tiyerekeze anthu awiri ofanana m'thupi ndi mumtima, aona thupi lokongola lomwelo, wina agwa wina ayi. Chasiyanitsa n'chiyani? Si thupi loonedwalo, si chilengedwe chawo, poti n'zofanana. Mutu 7 akuti tisafunefune chochititsa chogwira ntchito, chifukwa chifuniro choipa chili ndi chochititsa choperewera, ndipo kufuna kuchidziwa kuli ngati kufuna kuona mdima kapena kumva kukhala chete. Kwa Evodius ananeneratu kuti akafunsidwa kumene kupatukako kunachokera ayankha kuti sakudziwa, chifukwa chimene si kanthu sichingadziwike. Tsiku lina ndimaona kuti limeneli ndi yankho lozama, poti tchimo likanakhala ndi chifukwa chokwanira likanakhala lomveka, ndipo lomveka silikhalanso tchimo. Tsiku lina ndimaona ngati wangopatsa dzina malo amene maganizo ake anathera.

Palinso zoipa zopanda wochita. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe. Lembani m'zipinda: mvula, phiri, mphamvu yokokera zinthu pansi, zonse zikuchita monga mwa chilengedwe chake. Chosowa ndi moyo wa anthu amene anayenera kukhala ndi moyo. Chipinda chachitatu chimakhala chopanda kanthu, kupatula mutalembamo za kudula mitengo ndi umphawi umene umakankhira anthu kumanga m'mphepete mwa phiri, ndipo zimenezo sizifotokoza zonse. Njirayi yakuuzani pomwe choipa chakhala, sinakuuzeni chifukwa chake. Augustine amati choipa chilichonse ndi tchimo kapena chilango cha tchimo, mawu amene chivomezi cha ku Lisbon cha pa 1 Novembala 1755 chinawapangitsa kukhala ovuta kumeza kwa anthu ambiri a ku Ulaya, ndipo Yesu yemwe pa Luka 13 anakana kuti anthu 18 ogweredwa ndi nsanja ya Siloamu anali ochimwa kuposa anzawo. Aquinas amati mkango sungakhale ndi moyo popanda nyama ina kufa, ubwino wa china ndi kuwonongeka kwa chinzake. Pa mkango ndikumva. Pa mwana wokwiririka m'matope sindingathe kulemba chiganizo chimenecho.

Ululu nawo ukundikanika. Khungu ndi kusowa, palibe angatsutse. Koma ululu wa dzino kapena wa khansa sumveka ngati kusowa, umamveka ngati chinthu chimene chabwera n'kukhala. Oteteza Augustine amati ululu pawokha ndi belu labwino lochenjeza, ndipo amaloza odwala khate amene amapsa ndi kudzicheka osamva chifukwa mitsempha inafa. Choipa ndi kuwonongeka kumene belulo likulengeza. Chabwino. Nanga belu likamalira kosaleka kwa wodwala amene palibenso chimene angachite, kapena munthu akamamva kuwawa mwendo umene unadulidwa kale? Mukhoza kunena kuti pamenepo chosowa ndi dongosolo la mitsempha ndi mtendere wa thupi, ndipo pa pepala zimalowa m'chipinda chachiwiri. Kungoti ndikamazilemba ndimamva kuti ndikuzikakamiza kulowa. N'chimodzimodzi ndi munthu wankhanza amene amasangalala ndi kulira kwa mnzake. Ndilemba kuti akufuna kumva mphamvu, ndipo mphamvu ndi chabwino, koma sindikutsimikiza ngati ndafotokoza nkhanzazo kapena ndangozisintha dzina kuti tanthauzo la Augustine lipulumuke. Funso loyamba ndikuona kuti analiyankha. Enawo, kaya anzanga mwafika nawo pati.